Zimitsa Nyali, Tahiya

Izi ndinamva kwa mng'ono wake wa Tahiya, ndiye musakanene kuti ndakuuzani ndine. Msuweni wanga Tahiya akayamba kuvina saona nthawi. Usiku wa phwando lopaka mkwatibwi hina, utoto wokongoletsa manja, anachokako mochedwa, chonsecho bambo ake anali atanenetsa kuti, "Ndikatseka chitseko usanafike, ukwati wa mawa udzaumvera pawindo." Ndiye anatenga nyali n'kulowa njira yachidule, ya kumanda ija, yotulukira pa mlatho wa ngalande.

Achule ankalira. Kenaka anangoti zii. Mumdima wina anatsokomola...

"Zimitsa nyali!"

Anali msilikali. Kamnyamata kowonda, yunifolomu ikulendewera ngati yobwereka.

"Ndege za adani ziona kuwalako, mlongo. Zimitsa."

Mantha anali nawo, koma pakamwa pa Tahiya sipatsekeka. "Ndege zake ziti, bwana? Nkhondotu inatha ine ndikuyamwa."

"Zimenezo sanandiuze. Anzanga anapita kukamenya nkhondo ku Suwezi, ine anandisiya pano, ati ndizilondera mlatho ndi nyali za anthu." Anatsokomolanso, n'kuseka. "Adani anga ndi udzudzu basi."

Tahiya anauzira nyali. Mdima bii!

"Ponda kumanzere. Thabwa lapakati linawola."

Anaponda. Matabwa ankalira ndi nsapato zake zokha. Za msilikali... ayi ndithu.

Atafika tsidya lina, mawu aja anamveka pafupi ndi khutu. "Ukawauze mayi anga, Umm Fathallah. Buledi amene amagawa kumanda Lachinayi lililonse uja achepetse chitowe. Sindichikonda."

Kucheuka, palibe munthu!

Liwiro lakelo! Anapeza bambo ake ali pakhomo, mpiringidzo uli m'manja.

"Wapulumukira mkamwa mwa mbuzi, lowa. Nanga nyali wazimitsiranji?"

"Anandilamula msilikali wa pa mlatho, baba. Mwana wa Umm Fathallah. Ati ndege ziona."

Mpiringidzo unawagwera paphazi, koma sanati n'komwe mayo.

"Mwana wawo Fathallah uja? Tayifodi inamutenga nkhondo ili mkati, asanaombepo mfuti ngakhale kamodzi. Maliro ake ndinanyamula nawo ine, iwe usanamere mano."

Kenaka mayi ake a Tahiya anasuzumira kuchokera kuchipinda.

"Mulungu amuchitire chifundo, ndiye akadali pa ntchito mpaka lero? Mwana womvera ameneyo! Osati ena, ongodziwa kugwedeza chiuno."