Madamu Njati ndi Kalasi ya pa Mlatho

Konadu anachedwa kunyamuka, ndipo wolakwa anali Fosuaa ndi pakamwa pake posatopa paja. Atsikana awiriwa anali a koleji imodzi ya uphunzitsi, onse ana a mumzinda wa Kumasi, ndipo anawatumiza kudzayeserera ntchito m'midzi yoyandikana ya anthu a mtundu wa Aewe, kutsidya kwa mtsinje wa Volta. Madzulo amenewo Konadu anapita kwa mnzakeyo kuti akonzere limodzi phunziro la mawa. Kukonza kwake kuti! Anangodya gari, ufa wa chinangwa wokazinga, wonyika m'madzi ndi mtedza, n'kumajeda aphunzitsi a kukoleji mmodzimmodzi mpaka nyali inayamba kuphethira.

"Gona konkuno iwe," anatero Fosuaa. "Kapena wawasowa ana ako a m'khola aja?"

"Usandiyambe. Woyendera afika m'mamawa. Akakandipeza kulibe ndiye basi, ndizikagulitsa tomato ndi amayi."

"Pita, Madamu Njati. Ukakumana ndi fisi umuonetse nyanga."

Konadu anaseka, koma dzinalo linkamuwawa zedi. Chiewe, chinenero cha kumeneko, sankachidziwa. Ahedi a pasukulu yake, bambo Agbenyega, anamuphunzitsa mawu awiri okha okhalitsira ana chete: "Mido to," kutanthauza kuti tcherani khutu. Koma "to" ameneyu ndi mawu achinyengo. Ukakweza liwu ndi khutu, ukalitsitsa ndi njati. Tsono lilime la Konadu linkangogwera pansi. Tsiku loyamba lomwelo ana a kalasi yachiwiri anagubuduka nako kuseka, tizala pamutu ngati nyanga, ena mpaka kupalasa pansi ndi phazi. Woyendera wochokera kukoleji atabwera ulendo woyamba anapeza khola, osati kalasi. Sanabise mawu: akadzapezanso zomwezo, Konadu alongedze, uphunzitsi si wake. Ulendo wachiwiriwo unali mawa.

Inali nyengo ya mphepo ya fumbi ija yochokera kuchipululu. Mwezi unalipo, koma wofooka, ngati nyali yoyaka kuseri kwa nsalu. Minda ya chinangwa inali mbuu, migwalangwa mbuu, njira nayo mbuu, moti munthu sukanadziwa pamene pathera dziko ndi pamene payambira thambo. Konadu ankayenda ngati akuyandama. Fumbi linkameza mgugu wa mapazi ake. Kuti asadzimve yekha, anayamba kuyeserera mokweza.

"Mido to. Mido to. Mido..."

Anafika pamanda a m'mbali mwa njira. Apa anthu amadutsa atatseka pakamwa, koma iye, mlendo, anadutsa akufuulira akufa kuti atchere njati.

"Ukuligwetsa. Linyamule."

Konadu anaima. Anacheuka. Kumbuyo kwake kunali mayi wachitsikana, wamsinkhu ngati wake womwe, atavala diresi yoyera ya kolala yaikulu, zija zinkasokedwa kale. M'khwapa anapanira tchati chokulunga. Zala zake zinali mbee ndi choko. Konadu ataona chokocho mtima unakhala pansi. Mfiti siyenda ndi tchati.

"Mwandiopsa, achemwali! Nanunso ndinu aphunzitsi?"

"Ndikuphunzira. Ngati iwe." Mayiyo anamwetulira. "Gwira khutu lako. Likokere m'mwamba. Tsopano nena."

Mpaka lero Konadu sakumbuka kuti mayiyo ankayankhula chinenero chanji. Amangodziwa kuti ankamva zonse, bwinobwino, ngati mmene munthu amamvera kumaloto. Anagwira khutu, analikoka, ananena. Liwu linakwera lokha kutsatira dzanja.

"Eya, ndi limenelo," anatero mayi uja. "Khutu lili m'mwamba. Njati ili pansi, ikudya udzu."

Konadu anaseka mpaka misozi. Kanthu kochepa chonchi, milungu yonseyi akulira nako usiku! Anayenda limodzi, iye akubwereza, mnzakeyo akuvomera ndi mutu. Fungo la dothi lonyowa linkabwera ndi kupita, ngakhale mvula inali italeka kalekale.

"Nanenso akundiyendera mawa," anatero mayiyo.

"Zoona? Sukulu iti?"

"Mawa... Nthawi zonse amati mawa." Anayang'ana kutsogolo. "Undionere phunziro langa, mng'ono wanga. Ukhale kumbuyo ngati woyendera, monga timachitira kukoleji. Palibe amene amafuna kundionera."

Angakane bwanji munthu amene wangomuchotsa nyanga? Anali atafika pa mlatho wa matabwa. M'chilimwe kamtsinje ka pamenepo kamauma, koma pansi pa mlathopo pali dziwe losaphwa, lakuda bii. Konadu anakhala pa mtengo wa m'mbali, manja pamwendo, nkhope ataiumitsa ngati woyendera weniweni. Mayi uja anaima pakati pa mlatho, anakonza kolala, n'kuyang'ana kumabango.

"Mwadzuka bwanji, ana inu?"

"Tadzuka bwino, madaaamu..."

Mawuwo anachokera m'mabango. Timawu ta ana, tambiri, tokoka ngati mmene ana amakokera m'mawa uliwonse. Ziphaniphani zinatuluka n'kukhala m'mizere, zazifupi kutsogolo, zazitali kumbuyo. Konadu anayenera kuthawa pomwepo. Sanathawe. Zinkaoneka zoyenera, zokoma, ngati kuti usiku uliwonse pa mlatho pamayenera kukhala sukulu.

Ndiye kuphunzitsa kwake, abale! Sankakalipa, sankathamanga. Ankafunsa funso n'kudikira, osaopa bata. Mwana akalakwa ankati, "Wayandikira, tamuthandizeni mnzanu." Anawerama n'kulemba ndi choko pamwamba pa dziwe, ndipo zilembo zinatsala pamadzipo, zoyera, zikugwedezeka pang'onopang'ono. Konadu anamva nsanje, anamvanso chisoni chosadziwika kochokera. Anafuna kudzakhala mphunzitsi wotere, ngakhale tsiku limodzi lokha.

"Tsopano ndani abwere kubolodi adzalembe?" anafunsa mayiyo.

M'mabango muja kamwana kena kanaseka.

"Njati abwere."

Konadu anayang'ana kumabango. Dzinalo alidziwa bwanji?

"Njati! Njati abwere! Njati!"

"Ayi, ana inu, awo ndi alendo..." Mawu a mayi uja anachepa. "Dikirani... Gwiranani manja... Musasiyane..."

Tho. Tho. Tho.

Konadu anayang'ana pansi. Diresi ija inali kudontha. Tsitsi kudontha. Tchati chija chinali phala lokhalokha. Ndipo pa fumbi la pamatabwa panali mapazi a munthu mmodzi basi. A Konadu yemwe.

Anafuna kukuwa. Anapezeka waimirira. Sanaimirire yekha! Timanja tozizira tinamugwira siketi. Tina m'zala. Tina m'mawondo.

"Bwerani kubolodi, madamu... Bwerani..."

Phazi linasuntha. Linanso. Thabwa lomaliza. Bolodi lija lili pansi pake, lakuda, lotakasuka, zilembo zikumuitana. Kuseka ponseponse. Kuseka komwe kuja kwa m'kalasi mwake!

Mkwiyo ndi umene unamupulumutsa. Asekedwe usana, asekedwenso usiku? Anasolola dzanja. Anagwira khutu. Analikoka mpaka kuwawa.

"Mido to!"

Zii.

Timanja tija tinamusiya. Achule a padziwe analeka kulira. Mphepo inaima. Ziphaniphani zinabwerera m'mizere, phee, ngati ana oti agwidwa akuba shuga.

Mayi uja anali chiimire, madzi akutsika pankhope. Sankaopsanso. Ankangooneka ngati mtsikana wotopa amene waima nthawi yaitali kutsogolo kwa kalasi.

"Ndakhoza?" anafunsa motsitsa. "Anawa anandisokonekera kumapetoku... koma ndakhoza?"

Funso limenelo Konadu ankalidziwa kulemera kwake kuposa munthu wina aliyense.

"Mwakhoza, madamu. Phunziro lokoma chonchi sindinalionepo."

Mayiyo anapumira m'mwamba, mpweya wautali. Fumbi linadutsa pakati pawo. Litapita, pa mlatho panalibe munthu, padziwe panalibe chilembo. Konadu analiyatsa liwiro, ndipo sakumbuka kuti chitseko cha nyumba anatsegula bwanji.

Kutacha anadziuza kuti anali maloto, ngakhale khutu linali lotupa. Woyendera anafika, anakhala kumbuyo, nkhope gwa. Ahedi anaima pawindo. Ana anayamba kale kunong'onezana, tizala tikukwera kumutu. Konadu anawayang'ana. Ana amoyo, a mamina awo ndi mapazi otuwa, akanamuopsa chiyani tsopano? Anagwira khutu n'kulikokera m'mwamba.

"Mido to."

Kalasi yonse tcheru! Kamtsikana ka kutsogolo kanagwira khutu lake nako, ena onse n'kutsatira. Konadu anaphunzitsa mosathamanga. Ankafunsa n'kudikira. Mnyamata wina atalakwa anati, "Wayandikira, tamuthandizeni mnzanu." Pomaliza woyendera anamugwira chanza Konadu n'kunena kuti kaya wadya chiyani, koma apitirize kudya chomwecho. Wakhoza.

Konadu anatuluka ali ndi chimwemwe. Koma ahedi anamudikirira pansi pa mtengo wa mango, ndipo sankaseka.

"Madamu, zokoka khutuzo anakuphunzitsani ndani?"

"Mphunzitsi wina, bambo. Tinakumana usiku panjira. Dzina sindinafunse."

"Wa diresi ya kolala? Tchati m'khwapa?"

Konadu anangogwedeza mutu. Bambo Agbenyega, munthu wa imvi zake, anakhala pansi pa muzu ngati mwana.

"Amenewo ndi Madamu Akpene. Anabwera kudzayeserera ntchito ngati inu, m'kalasi yanu yomweyo, ine ndili kamwana kosavala nsapato. Tsiku loti awayendere kunagwa chimvula usiku wonse. Iwo anaopa kuti woyendera apeza kalasi yopanda ana, ndiye anapita okha kukatenga ife a kutsidya. Tili pa mlatho madzi anabwera. Ine anandiponyera kumtunda. Anabwereranso kukatenga ena."

Anayang'ana ana amene ankathamangitsana pabwalo.

"Ambiri takumana nawo pamenepo. Akangoti 'undionere,' tonse timathawa. Ine ndemwe ndinathawa, ndili kale mphunzitsi. Inu munatani?"

"Ndinakhala pansi. Ndinaonera mpaka kumapeto."

"Anati chiyani?"

"Anafunsa ngati akhoza."

"Ndiye inu?"

"Ndinati akhoza."

Ahedi anavula magalasi. Misozi inatsika osaipukuta, ndipo Konadu naye analira, poyera, ana akuona.

"Mwachita bwino, mwana wanga," anatero mkuluyo. "Palibe anawauzapo. Tinawaika m'manda aja munadutsa, pamodzi ndi anzanga a m'kalasi. Woyendera wawo anachedwa ndi matope. Anafika tsiku la maliro."