Thumba Limene Nevzat Anatsika Nalo Kuphiri

Chifuwa chimene chinayamba kumveka m'nyumba ya Nevzat wometa uja sichinali cha mkazi wake. Ndikunena ine, munthu amene makutu ake amamva nsabwe ikuyenda m'ndevu za mnzake ali tsidya lina la msewu, ndipo mumzinda wonse wa Lefkosha, pachilumba chathu chino, simupeza wina wokufotokozerani nkhaniyi osaidula miyendo. Koma tiyambire pa Lamlungu lija, pakuti tsoka linakwera basi tsiku limenelo.

Pembe, mkazi wa Nevzat, anali telala wa madiresi a ukwati, mayi woti akaona ulusi ukulendewera pamalaya ako amakuimitsa pamsewu n'kuudula ndi mano. Chaka chimenecho anayamba kuwonda. Ankatsokomola motsitsa, ngati akupepesa, mpaka mphete inamuvuka yokha pachala n'kugwera mumphika. Madokotala anamujambula kutsogolo ndi kumbuyo, anamukoka magazi okwana kudzaza chitsime, n'kumangogwedeza mitu.

Emete, mkulu wake wa Pembe, ndiye anakokera Nevzat kukhitchini n'kumunong'oneza.

"Alamu, zachipatala zakanika. Kuphiri la Beshparmak kuli phanga, pakhomo pake pali mtengo wa nsanza. Mung'ambe kansalu pa diresi limene amagona nalo, mukamange panthambi. Nthenda imatsala pomwepo."

"Ine munthu wa lumo ndi sopo, ndikayambe zomangamanga pamitengo?"

"Ndiye khalani ndi lumo lanulo, mudzamete anthu obwera pamaliro. Tamverani. Mwiniwake asadziwe. Ndipo kansaluko kasadzabwererenso m'manja mwake, chifukwa nthenda ikabwerera kwawo imatseka chitseko n'kumeza kiyi."

Abusa a mbuzi amene ankadziwa njira ya kuphangako anatha kufa kalekale. Otsala odutsako anali a gulu lokwera mapiri, aja amanyamuka pa basi Lamlungu m'mawa ndi ndodo ziwiriziwiri ngati olumala, n'kubwerako madzulo akudzitama. Nevzat analembetsa dzina. Anang'amba kansalu ka buluu pampendero wa diresi Pembe ali mtulo, n'kukabisa m'thumba la pamtima.

Wotsogolera gululo, Erdinch, mnyamata wa miyendo ngati mitengo ya magetsi, anayang'ana nsapato za Nevzat n'kuseka.

"Achimwene, kuphiri kulibe ukwati! Nsapato zonyezimirazi zikafika pamwamba zitasanduka masilipasi."

"Tsogola iwe, ndevu zakozo ndidzakumeta ulere, mbuzi zingakutenge ngati m'bale wawo," anayankha Nevzat, anthu n'kuseka.

Asananyamuke, Erdinch anagawa matumba akuda apulasitiki. Lamulo la gululo linali lakuti phiri alisiye loyera kuposa mmene alipezera: botolo, chitini, pepala, chilichonse chosamera m'nthaka chilowe m'thumba. Amene ankalikonda lamuloli kuposa Mulungu wake anali mayi Sevgul, mphunzitsi wopuma ntchito, amene ankatola ngakhale chotsalira cha ndudu chokwiririka pansi pa mwala.

Anakwera. Phiri limenelo ine ndinkalikwera nditanyamula bulu paphewa chifukwa buluyo ankatopa msanga, koma kwa Nevzat linali imfa. Zidendene zinasupuka, mpweya unkatuluka ngati mluzu. Masana anafika paphangapo. Mtengowo unali wokalamba, wopindika ngati nkhalamba yofuna ndalama yake pansi, ndipo nthambi iliyonse inali yodzaza nsanza: zoyera, zofiira, zina zotumbuluka ndi dzuwa, zina zowola ndi mvula ya zaka zambirimbiri. Kunalibe mphepo, koma nsanzazo zinkagwedera pang'onopang'ono.

Anthu anakhala pamthunzi n'kumasula mkate, azitona ndi tchizi cha hellim. Nevzat anachita manyazi kumanga kansalu kake pamtengopo anthu ophunzira akuona. Anadikira mpaka onse atanyamuka, n'kunamizira kumanga chingwe cha nsapato. Kenako anamanga kansaluko mfundo zolimba, akutchula dzina la Pembe chamumtima, nathamangira anzake. Pakhonde la thanthwe anakumana ndi mayi Sevgul akubwerera.

"Ndaiwala chipewa," anatero mayiwo. "Pitani, ndikupezani."

Mayi Sevgul anachedwa kubwerako, koma palibe anawafunsa.

Madzulo basi itawatula mumzinda, matumba anaunjikidwa pansi kuti aliyense atenge limodzi akataye kwawo. Nevzat, mtima uli mbee chifukwa ntchito yake yatheka, anatola lalikulu koposa. Linali lofufuma koma lopepuka modabwitsa. Atafika pakhomo anamva Pembe akumuitana, ndiye analiponya pansi pa masitepe n'kuliiwala.

Usiku umenewo anadzidzimuka ndi chifuwa. Anatembenuka kuti amuwongolere mkazi wake pilo, koma Pembe anali gone, akupuma bwinobwino. Chifuwacho chinamvekanso, cha khanda, chija chokoka mpweya ngati tambala wamng'ono. M'nyumbamo munalibe mwana, sanadalitsidwe naye. Nevzat anatchera khutu mumdima uli bii. Khandalo litaleka, kunayamba kubuula kwa mwamuna wokalamba, kotalika, kochokera pansi penipeni, ngati munthu akukankha mwala umene sukusuntha. Kenako zii. Koloko yokha.

M'mawa anafunsa oyandikana nawo ngati alandira alendo. Iwo anati ayi, ndipo amafuna kumufunsa iyeyo funso lomwelo.

Tsiku limenelo Pembe anadzuka akutsimphina.

"Bambo, bondo ili landitani? Likuwawa ngati ndinathyokapo kale."

Sanathyokepo chibadwire. Tsiku linzake diso lamanzere linachita khungu loyera ngati mkaka. Linzakelo zidzolo zinatuluka m'khosi, zija za ana. Dokotala wachinyamata amene anabwera anayang'ana bondo, anayang'ana diso, anayang'ana zidzolo, n'kunena motsitsa kuti matenda amenewa sakhala m'thupi limodzi. Mumsewu mphekesera zinayamba. Ena ankati nyumbayo inamangidwa pamanda. Ena ankati Nevzat akumuthira mkazi wake mankhwala m'khofi. Makasitomala anayamba kukameta kwina, poti ndani angapereke khosi lake kwa munthu womuganizira zotere?

Ndipo usiku uliwonse mawu aja ankachuluka. Wina ankalira dzino. Wina ankakukuta mano ndi malungo mpaka matabwa a masitepe ankanjenjemera. Panali mayi wina amene sankabuula n'komwe, ankangonong'ona mawu amodzimodzi, ngati akuwerengera mikanda. Nevzat ankagona chagada, maso ali tong'o, akuopa kutsika.

Chimene chinamutsitsa n'chakuti usiku wina kunong'ona kuja kunachokera pambali pake. Pembe anali khale pabedi, manja atawapinda ngati wanyamula khanda, akugwedezeka.

"Musandilande uyunso," ankatero ndi mawu osakhala ake, mawu a mayi wakumudzi. "Ena aja munatenga. Uyu yekha ndisiyireni."

Nevzat anatsika masitepe opanda nsapato. Pansi pake mpweya unali wofunda ndi wonunkha ngati chipinda cha odwala chosatsegula mawindo. Anayatsa nyali. Thumba lakuda lija linali pomwe analiponya, ndipo linkafufuma ndi kuphwa, kufufuma ndi kuphwa, pang'onopang'ono. Anamasula pakamwa pake. Munalibe botolo ngakhale limodzi. Munali nsanza zokhazokha, iliyonse ndi mfundo yake, zodulidwa bwinobwino ndi sizasi. Pamwamba penipeni panali kansalu ka buluu.

Kutacha anaitana Emete. Mayiyo atasuzumira m'thumbamo anabwerera chambuyo mpaka kugunda khoma.

"Mayo ine! Alamu, mwatuta matenda a chilumba chonse n'kudzawagoneka pansi pa bedi la m'bale wanga!"

"Sindinadziwe, mlamu. Ndimati zinyalala."

"Bwezani. Zonse, imodziimodzi, ndi manja anu. Ka Pembeko mukamange pomaliza, pamwamba, pomwe sizasi singafike."

Nevzat anachotsa kansalu ka buluu n'kukaika m'thumba la jekete kuti kasasokonekere ndi zinzake. Thumba lalikulu analitulutsa kunja, koma mawu aja ankalowabe pawindo mpaka Lamlungu linafika. M'mawa mwake anavala mumdima, mofulumira, anapsompsona Pembe pachipumi chotentha, n'kuthamangira basi.

"Taonani wometa wathu!" anafuula Erdinch. "Anzathu amatsitsa zinyalala kuphiri, inu mukukweza?"

Mayi Sevgul analizindikira thumbalo.

"Bambo inu, musandiuze kuti mukubweza uve uja. Ndinathera mphamvu zanga pamtengo umene uja! Unkabanika ndi zisanza, lero ukupuma."

"Mayi," anatero Nevzat motsitsa, "kunyumba kwanga kuli munthu amene sakupuma."

Anthu anayang'ana kumbali. Palibe anakhala naye mpando umodzi, ndipo ena amalumbira kuti panjira ponse pansi pa mpando wakewo pankamveka khanda.

Tsiku limenelo gululo linkapita njira ina, ya kugombe. Pamphambano Erdinch anamugwira mkono.

"Achimwene, amene wabwera ndi ine amabwerera ndi ine. Mukapatuka apa, sindikukudziwani."

"Usandidziwe, mwana wanga. Ingondilozera."

Erdinch analoza ndi ndodo, namupatsa botolo lake la madzi.

Nevzat anaupeza mtengo uja uli mbulanda, nthambi zili mbee ngati mafupa. Anayamba kumanga. Nsanza zinali zambiri, ndikuuzeni, zoti mutaziyala zingafunditse Lefkosha yense ndi midzi yake. Zina zinkanyenyeka m'manja, zina zinali zofunda ngati zangochotsedwa pathupi. Iliyonse akaimanga ankamva kupuma kumodzi kukuchoka m'thumbamo, ndipo thumbalo linkachita chete pang'onopang'ono. Zala zinachita matuza, matuza anaphulika. Dzuwa linapendeka, mthunzi wa phanga unatalika n'kumufika kumapazi. Pomwe ankamanga nsanza yotsiriza, phiri lonse linali phee.

Anakwera panthambi yapamwamba, napisa dzanja m'thumba la jekete.

Munalibe kanthu.

Anapisa thumba lina. Anavula jekete n'kulikutumula. Anakwawa pansi pa mtengo akupapasa miyala ndi minga mpaka mdima unamulanda manja ake omwe. Anatembenuza thumba lakuda lija kunja kukhala mkati. Kansalu ka buluu kanalibe.

Mmene anatsikira phirilo mumdima, ngakhale ine amene ndinatsikapo chadodolido sindingakuuzeni. Woyendetsa lole ya mbatata ndiye anamutola pamsewu.

Atakhota pakona ya kwawo anaona nyali ikuyaka m'chipinda chosokera, mmene simunayake nyali chiyambire matenda. Anakankha chitseko. Fungo la khofi linamulandira. Pembe anali pampando wake wa pawindo, tsitsi atapesa, diso lija lili gwa ngati kale, zidzolo zitazimirira.

"Bambo, mwakhalitsa kuti? Taonani zovala zanuzo, ngati mwalimbana ndi mbuzi!" Anaseka, kuseka kwake kwenikweni. "Lerotu ndadzuka. Chakumadzuloku ndinangomva thupi kupepuka, bondo kuleka, diso kutseguka. Achemwali ndawathamangitsa akapume. Ndasesa nyumba yonse."

Nevzat anagwira chitseko. Mawu anatuluka ngati a munthu wina.

"Wasesa?"

"Mpaka kuseri kwa mpando umene mumakolekapo jekete. Ndiye tamverani zodabwitsa. Diresi langa logonera lija lakhala likundinyansa, long'ambika kumpendero, osadziwa chinaling'amba n'chiyani. Lero ndapeza kachidutswa kake pansi, kali ndi mfundo ngati kamangidwa ndi mwana." Anatambasula mpenderowo pamaondo ake monyadira, pakuti anali atalivala. "Tapezani pomwe ndalumikiza. Simungapaone."

Nevzat anagwada. Anayendetsa zala zake zamagazi pampenderopo, uku ndi uku. Zoonadi, mu Lefkosha munalibe telala woposa Pembe. Msoko sunkaoneka.

"Mukulira chiyani nanga, bambo? Ndachiratu ine."

Anamusisita kumutu. Kenako anatembenukira kumbali, naika dzanja pakamwa, n'kutsokomola kamodzi, motsitsa, ngati akupepesa.

Diresilo Nevzat analing'ambanso, ndipo anakwera phirilo mobwerezabwereza, koma nsalu yake yokha inkamasuka n'kugwa iye asanatembenuke. Pembe sanafike nyengo yothyola azitona. Gulu lija likadutsa paphangapo masiku ano limapeza nkhalamba ya nsapato zong'ambika itakhala pansi pa mtengo, lumo lili pamaondo, ndipo matumba akuda amawabisa kumbuyo mpaka atapitirira.