Nyali Zoyang'ana Kumwamba

Winston ananyamuka pa Bvumbwe mdima utagwira kale, akumunyoza chamumtima Elson, makaniko amene anamusiyira ntchito pakati. Linali Lachisanu. Elson ndi wa Sabata weniweni, osati wongotchula pakamwa, ndiye dzuwa litangobisala kuseri kwa mabulugamu anapukuta manja n'kuponya sipanala m'bokosi.

"Bwana, Sabata layamba. Zotsalazo tidzamaliza Lamulungu m'mawa."

"Lamulungu? Mawaya ali lendelende chonchi?"

"Ndamanga ndi tepi, akakufikitsani. Koma m'mabampu musathamange. Nyalizonso sindinaziwongole."

Njinga yamotoyo inali yaikulu, ya maulendo ataliatali, yokhala ndi mabokosi awiri m'mbali. Winston, yemwe anali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi, anaigula kwa mlendo wina amene ulendo wozungulira maiko unamukwana atafika ku Blantyre. Zonse zinali bwino kupatula nyali, yomwe inkawala mofiira ngati koloboyi. Ndiye anagula babu lamakono lakutsogolo, nyali zina ziwiri zowonjezera m'mbali, mawaya atsopano, fyuzi ndi swichi, kuti Elson achotse zakale zonse n'kulumikiza mwatsopano. Koma Winston ndi munthu wosakhulupirira aliyense. Ukamupatsa moni amayamba wadzifunsa kuti ukufuna chiyani. Tsiku lonse anakhala pabenchi maso ali pamanja a Elson, kuopa kuti angamusinthire mababu ake, ndipo mafunso ake ndi amene anachedwetsa ntchito, ngakhale iye sakanavomera zimenezo.

Akanatha kugona pa Bvumbwe pompo. Koma akuvala chipewa chake foni inalira. Anali mkazi wake Miriam, amene anali ndi pakati poyamba ndipo ankadikirira kwa amayi ake, kumudzi wa kuseri kwa esiteti cha ku Mphuka.

"Abambo, bwerani... zayamba. A kabaza onse akana, akuti mvula yaononga msewu. Chonde fulumirani."

M'mudzi monsemo munalibe galimoto. Chomufikitsa Miriam kuchipatala cha mishoni usiku umenewo chinali njinga yomweyi, ndi mawaya ake omanga ndi tepi.

Pamsewu wa tara nyali zatsopano zinawala mbee, moti Winston anayamba kudzimva. Magalimoto obwera kutsogolo ankamuthwanimitsira nyali, ena kumuimbira hutala, iye n'kumati ndi nsanje chabe. Sanaone kuti nyali zake zinkaunika nsonga za mitengo ndi mawaya a magetsi, pomwe msewu wa pansi pa tayala unali bii. Atadutsa pa boma anakhotera msewu wadothi wolowa m'minda ya tiyi. Kumeneko mvula inali itasiya, koma nkhungu inali itakuta mapiri onse. Tiyi mbali iyi, tiyi mbali iyo, wosadulidwa ndi nyumba ngakhale imodzi. Anakumbuka mawu a Elson onena za mabampu, kenako anakumbuka mawu a Miriam, ndipo anawonjezera moto.

Pali malo ena pamsewu umenewo pomwe tiyi amalekeza pang'ono kusiyira kankhalango ka mabulugamu akale. Ndi manda a antchito a pa esiteti. Winston ankawadziwa, ndipo masana ankangodutsa osaganizako. Atangofika pamenepo tayala lakutsogolo linamenya dzenje.

Khu! Nyali zonse zitatu... zii!

Mdima wa ndiweyani. Anaponda buleki, njinga inaterereka n'kuima. Injini inkalirabe, koma nyali ayi. Anakankha swichi kumwamba, pansi, kumwambanso. Palibe. Anatulutsa foni. Netiweki kunalibe, batire linali litatsala pang'ono kutha. Anazimitsa injini, n'kuyatsa katochi ka pafoni kuti aone fyuzi. Fyuzi inali yabwinobwino.

Pomwepo maganizo oipa anamubwerera onse pamodzi. Anali atamva za akuba otchinga njinga zamoto usiku, omanga chingwe pamsewu, osiya mwini wake m'ngalande. Nanga Elson uja anafunsiranji kuti adzera msewu uti? Nanga ntchito anaisiyiranji pakati? Sabata lake liti? Mwina anamanga dala waya woti ukaduke kuno kutchire, anzake atauzidwa kale pafoni.

Kenako anamva majombo m'matope.

Tchofu... tchofu... tchofu...

Ankachokera kumabulugamu. Winston anatsegula bokosi la m'mbali n'kutulutsa sipanala yaikulu.

Munthu anatulukira m'nkhungumo. Wamwamuna, wamtali, atavala ovolosi yakale ndi chipewa chansalu. Sanafike pafupi. Anaima chapatali, n'kunjuta m'mphepete mwa msewu cham'mbali, nkhope italoza kutiyi. Anaomba m'manja mofatsa katatu.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndinu ndani? Mukufuna chiyani?" Winston anakalipa, koma mawu anatuluka opyapyala.

"Moto wanu ulibe pobwerera."

"Mukuti chiyani?"

Munthuyo sanabwereze. Anasendera panjinga chowerama, n'kulowetsa dzanja pansi pa thanki. Winston anamuunika ndi foni. Nthawi yomweyo munthuyo anatembenuzira mutu kumbali. Winston anazungulira mbali inayo n'kuunikanso. Anatembenukanso. Chimene ankaona ndi khutu, khosi ndi kolala yothetheka basi. Apa Winston anatsimikiza kuti ndi wakuba ndithu, ndipo ndi munthu womudziwa, woopa kuzindikiridwa. Anakweza sipanala pamwamba pa chipewa chija. Akangogwira kiyi, amukhoma.

Koma kiyi sanamugwire. Anasolola waya wakuda umene unali utachoka pabawuti ya chitsulo cha njinga, tepi ya Elson ikulendewera. Anausenda ndi mano. Anaupota bwinobwino, n'kuukulunga pabawuti, n'kumanga nati ndi zala zokha. Pogwira ntchitoyo dzanja lake lamanzere linali litatsamira papaipi ya utsi. Paipi yoti yayenda kuchokera ku Bvumbwe, yotentha yoti n'kusupula khungu.

Sanadzidzimuke. Sanalichotse.

Tsitsi la Winston linaima.

"Yatsani," anatero munthuyo.

Winston anakankha swichi ndi chala chozizira. Ngwee! Nyali zonse zitatu zinabwerera, kuunika nsonga za mabulugamu. Munthuyo anali ataima kale kumbali, kunja kwa kuwalako. Anatambasula dzanja n'kukankhira nyali yakumanja pansi, kenako yakumanzere, kenako yaikulu ija, mpaka kuwala konse kunagwera pamatope a kutsogolo kwa tayala.

"Izi zimafuna mbalame. Msewu uli pansi." Kenako munthuyo anawonjezera kuti, "Pamlatho mukayende pang'onopang'ono, bambo. Teleza akudikira."

"Teleza wake uti? Mkazi wanga ndi..." Winston anadzigwira pakamwa. Wakuba sapatsidwa dzina la mkazi wako. Anawerama kuliza injini, ndipo atadzutsa mutu...

Panalibe munthu.

Anayang'ana kumanja. Tiyi. Kumanzere. Mabulugamu. Tiyi wa pa esiteti amalekeza m'chiuno, munthu wamtali chotero sangalowemo osaoneka. Majombo aja sanamvekenso.

Winston anakwera njinga osadziwa kuti wakwera bwanji. Akutsetsereka kulowera kumtsinje, mutu wake wokayikira uja unayambanso ntchito. Pamlatho pang'onopang'ono? Eya, ndiye kuti anzake ali pamenepo. Wandikonzera nyali kuti ndimukhulupirire, ndikafike pamlatho ndikuyenda ngati kamba, andigwetse bwino. Ine ayi. Anakoka moto. Njinga inabangula.

Mtsinje unkamveka kale kusokosera. Nawu mlatho. Kuwala kunagwera pamatabwa. Thabwa loyamba, lachiwiri, lachitatu, lachinayi...

Dzenje lakuda!

"Mayo!"

Anafinya mabuleki onse awiri. Tayala lakumbuyo linatsetsereka. Njinga inapendekeka, inagwa, inamukoka pamatabwa onyowa. Khwee... n'kuima.

Anagona pomwepo akupuma ngati galu. Nyali zinali zikuyakabe. Kutsogolo kwa tayala kunatsala malo osakwana mkono umodzi, kenako pakati ponse pa mlatho panalibe. Madzi anali atakokolola matabwa ndi mitanda yomwe. Pansi pake mtsinje unkagubuduza miyala mumdima. Panalibe wakuba aliyense, panalibe chingwe. Nyali zija zikanakhala zikuunikabe mitengo, dzenjelo akanaliona ali kale m'kati mwake.

Momwe anaidzutsira njinga yolemera chotero, mpaka lero sadziwa. Anabwerera, n'kudzera msewu wa kufakitale, wozungulira kwambiri. Podutsanso pamabulugamu paja sanayang'ane kumbali. Anafika kumudzi thalauza itang'ambika, bondo likutuluka magazi, n'kupeza Miriam akubuula pakhonde atagwiridwa ndi amayi ake, a Leah. Panalibe nthawi yofotokoza. Anamukweza Miriam pakati, a Leah kumbuyo atamukumbatira, ndipo njinga ija inanyamula onse atatu. Nyali sizinaphethire ngakhale kamodzi mpaka pachipata cha chipatala. Atambala akulira kachiwiri, namwino anatuluka kudzanena kuti kwabadwa mwana wamkazi, ndipo mayi ali bwino.

Kutacha, Winston anakhala pabenchi ya pakhonde la chipatala, thupi lonse likuphwanya. A Leah anabwera ndi kapu ya tiyi n'kukhala pansi chapatali, cham'mbali, maso ali kumpanda wa maluwa.

"Bambo, bondolo mwatani?"

Winston anafotokoza zonse, kuyambira pa tepi ya Elson mpaka pamlatho. "Koma wakuba wake ndi wodabwitsa, amayi. Sanandibere kanthu. Nkhope yokha ndiye anakana kundionetsa. Ndiponso anandisokoneza ndi munthu wina, chifukwa ankati Teleza akudikira."

Kapu inagwa. Tiyi anayenderera pasimenti.

"Mwati... ndani akudikira?"

"Teleza."

A Leah anafunsa kuti munthuyo anavala chiyani, anali wamtali bwanji, anatulukira pati. Winston akuyankha, iwo ankangogwedeza mutu, misozi ikutsika.

"Kutchalitchi amatiphunzitsa kuti akufa ali m'tulo, sadziwa kanthu," anatero pomaliza. "Ine sinditsutsa. Koma dzina limenelo palibe amalidziwa kuno, ngakhale mkazi wanuyo salidziwa. Teleza ndi dzina limene anamupatsa bambo ake, a Dickson. Ankagwira ntchito ya magetsi kufakitale. Mwanayu ali ndi zaka ziwiri anadwala malungo, iwo anapita usiku panjinga yakapalasa kukafuna mankhwala. Pobwera nyali inawazimira. Mlatho womwewo unali utakokoloka. Tinakawapeza m'mawa kumunsi, mankhwala ali m'thumba la ovolosi. Tinawaika pamabulugamu paja. Papita zaka makumi awiri ndi zinayi. Ine dzinalo linkandilasa mtima ndikaliitana, ndiye nditasamukira kwathu ndinamusintha kukhala Miriam."

Winston anamva kuzizira kuyambira kumapazi. Kenako anatulutsa funso limene linamuvutitsa usiku wonse.

"Nanga... nanga nkhope ankabisiranji?"

A Leah anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, maso ali kumpanda komweko.

"Inu bambo, chikwatirireni pakhomo panga, ine ndinakuyang'ananipo m'maso? Sankabisala amene aja. Amakupatsani ulemu. Ndinu mkamwini wawo."

Winston anayang'ana dzanja lake lamanja, limene linakwezera apongozi ake sipanala iwo akumukonzera njira yokapulumutsira mwana wawo. Mantha onse anamuthera, kunatsala manyazi okhaokha, ndipo analira pabenchi pomwepo anthu akuona.