Mlendo Wopanda Mwini pa Phwando la a Douwe

Moni owerenga okondedwa, mtendere ukhale nanu. Ndiyamika Mulungu amene watisunga ndi moyo, natipatsa maso owerengera ndi kampata kopumira. Khalani pansi mumve za mpando umodzi wa m'bwalo la mpira mumzinda wa Lauwerhaven, kwathu ku Netherlands.

Khadi inabedwa Lachitatu masana, m'nyumba yodzaza anthu, mwini wake ali khale ndi mbale ya keke pamiyendo.

Tsikulo a Douwe Terpstra ankakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu. Mipando anaiyika mozungulira pabalaza monga timachitira. Chingwe chotsegulira chitseko chinali lende pabowo la makalata kuti alendo azingokoka okha. Kunja nkhungu inali itaphimba ngalande yonse, njinga zikudutsa pamlatho ngati zikuyenda pamitambo.

Aliyense wolowa ankazungulira mipando yonse kupereka moni wapamanja. "Takondwa nanu chifukwa cha malume anu." "Takondwa nanu chifukwa cha anansi anu." Kwathu tsiku lobadwa si la mwini yekha. Timayamikira aliyense wopezekapo, n'kutchula ubale wake ndi mwini tsikulo.

Khofi wachiwiri ali mkati, kunalowa bambo wamtali wa jekete lotuwa, maluwa ali m'manja. Anazungulira naye. Atafika pa a Aukje, mlongo wawo wa a Douwe, anawerama pang'ono.

"Takondwa nanu chifukwa cha amuna anu, mayi."

Nyumba yonse inafa nalo phwete.

"Awawa?" anatero a Aukje. "Ndikanathawa sabata yoyamba yomwe."

Mlendoyo anaseka nawo. Anadya keke ya maapozi, anayamikira khofi, anadandaula za nyengo. Akumpingo ankayesa ndi mnansi. Anansi ankayesa ndi wachibale. Achibale ankayesa ndi wakumpingo. Kenaka anafunsa kuchimbudzi, nalowera m'kanjira momwe munapachikidwa majekete. Sanabwererenso, ndipo palibe anamusowa.

Lachinayi m'mawa a Douwe anapisa dzanja m'thumba lam'kati la jekete lawo, monga ankachitira tsiku lililonse akatha kupemphera. Munalibe kanthu.

Inali khadi yolowera masewero onse apakhomo a timu ya Lauwerhaven, chaka chathunthu. Mpando wake unali chakumpoto, pafupi ndi ngodya, ndipo anausiya ndi atate awo. Mipando yotere sipezeka wamba. Makolo amalembetsa mwana akadali wakhanda, mwanayo n'kumera ndevu asanaitanidwe. Ena amangoyembekezera matikiti otsala, amene amatha munthu asanamalize kumwa tiyi.

Maso a a Douwe anali atayamba kuchita chidima. Osewera ankawaona ngati mithunzi yothamangitsana. Koma udzu ankauona. Lamulungu m'mawa ankaimba limba kutchalitchi, masana n'kukwera masitepe a bwalolo pang'onopang'ono, mpaka msipu wobiriwira uja utatseguka pansi pawo, wonyowa, wowala. Mumtima ankati dziko lolonjezedwa lija mwina lidzaoneka chonchi munthu akamadzalowa pachipata.

A Douwe anaimbira foni ku ofesi ya timu. Mayi woyankha anali waulemu, koma mawu ake anali olemera.

"Bambo Terpstra, khadi yanu taiona kale. Wina akuibwereketsa pa intaneti mosinthana ndi ndalama."

"Si ine, mwanawe. Intanetiyo sindidziwa n'komwe khomo lake."

"Ndikumva, bambo. Koma lamulo ndi limodzi kwa onse. Khadi yochitira malonda timaifafaniza, mwini wake amabwerera kumapeto kwa mzere wa odikira mipando. Pokhapokha apolisi atatsimikiza kuti inabedwa."



"Mzere umenewo," anatero a Douwe, "ndi wautali kuposa masiku anga otsala."

Masana omwewo Sajeni Marloes Brink anafika pa njinga, mame ali m'tsitsi. Anakhala pampando umodzi mwa ija, isanabwezedwe m'malo mwake.

"Chitseko sichinathyoledwe. Analowa ndani amene simumudziwa?"

"Onse anali athu," anatero a Douwe.

"Athu ati, achimwene?" anawadula a Aukje. "Nanga uja anandikwatitsa kwa inu?"

Sajeni anatembenuka. "Anati chiyani, mayi?"

A Aukje anabwereza moni uja. Sajeni sanaseke.

"Wachibale sangalakwe chonchi. Wakumpingo ngakhale mnansi sangalakwenso. Ameneyu amadziwa tsiku, amadziwa nyumba, koma banja salidziwa. Agogo, za phwandoli munauza ndani wina?"

A Douwe anakanda kumutu. Lamulungu lapitalo anali atanyamula chitini cha mabisiketi kupita nacho kumpira, poti kwathu mwini tsiku lobadwa ndiye amagawira anzake.

"Ndinauza anthu a mzere wa mipando umene ndimakhala. Ndi a mzere wakumbuyo. Mwinanso wakutsogolo."

"Munatchula nyumba?"

"Ndinati chitseko chofiira pafupi ndi mlatho, chingwe chili panja."

"Bwanji simunangopempha chimkuzamawu cha bwalo lonse?" anatero a Aukje. "Ndinkanena ine. Munthu wa limba alibe gawo kumpira tsiku la Ambuye."

"Ambuye amakhalako, achemwali. Inu ndi amene simunapiteko."

Sajeni anaimirira. Anati akapempha a timu kuti khadiyo asaitseke mpaka Lamulungu, angoiika chizindikiro m'makina ounikira makhadi. Wina adzabwera nayo pachipata, ndipo makina adzalira.

Lamulungu linacha ndi nkhungu ina. A Douwe anaimba limba m'mawa, zala zikuyenda zokha, mtima uli kumpoto kwa bwalo. Masana a Aukje anawaperekeza, atawakoloweka dzanja, akung'ung'udza njira yonse.

Makina analira anthu atangoyamba kulowa. Wogwira khadiyo anali mayi wa sikafu yatsopano ya timu, dzina lake Shanti Ramdin, dalaivala wa basi zamumzinda. Sajeni anamutengera pambali.

"Wondibwereketsayo anandiuza kuti ndi ya atate ake, akudwala. Ine ndakhala pamzere zaka zambiri, Sajeni. Bwaloli ndimangolidutsa ndi basi tsiku ndi tsiku."

"Mukambwezera kuti?"

"Pa kanyumba kogulitsira nsomba, tsidya la mlatho. Mpira ukangotha."

"Ndiye lowani. Mukakhale pampandopo mpaka mapeto. Akaona pali mbee, athawa."

Mayiyo anayang'ana nkhalamba imene inaima kumbuyo kwa Sajeni, nazindikira. "Ndi wanu, agogo?"

"Pitani, mwana wanga," anatero a Douwe. "Bondo lakumanzere muziliika chammbali, pali chitsulo chimabaya."

A Douwe anakhala pabenchi kunja kwa mpanda. Chikhalireni anali asanamvepo mpira ali panja. Phokoso linkatuluka pamwamba pa denga ngati mafunde, kukwera, kusweka, kubwerera. Mbalame zakunyanja zinkazungulira m'nkhungumo, zikuoneka ndi kusowa. Anatseka maso. Anaona atate awo atawanyamula paphewa, chipewa chikununkha fodya ndi mvula. Anaona malemu akazi awo akutsanulira khofi m'chivindikiro cha fulasiki. Onse anali mkatimo, pamsipu paja, ndipo iwo okha ndiwo anali kunja kwa chipata, ngati munthu wofika ukwati atatseka kale.

"Ambuye," ananong'ona, "ndi mpando chabe, ndikudziwa. Koma Inu mukudziwanso."

Mwadzidzidzi bwalo lonse linagunda. Benchi inanjenjemera.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa a Aukje.

"Tagoletsa."

"Mwadziwa bwanji kuti ndi ife?"

"Mwati ife, achemwali?"

A Aukje anangokonza chipewa chawo.

Mpira utatha, khamu linasefukira pamlatho likuimba. Sajeni Brink anali ataima kale pa kanyumba kaja atavala zovala wamba, akudya nsomba yaiwisi ndi anyezi. Mnzake wapolisi anatsamira njinga chapatali. A Douwe ndi a Aukje anabisidwa kuseri kwa galimoto ya mkaka.

Mayi Ramdin anafika, khadi ili m'manja. Bambo wamtali anatuluka m'khamumo akumwetulira. Jekete linali lina, labuluu.

"Mwasangalala, mayi? Sabata yamawa iliponso, mukaifuna."

Atangoigwira khadiyo, Sajeni anamugwira pamkono.

"Apolisi. Dzina?"

"Kasper Noordhuis. Pali vuto?"

"Khadiyi mwaitenga kuti?"

"Ndinatola pa siteshoni. Ndimafuna kukapereka mawa."

"Kunyumba kwa a Terpstra munafikako?"

"Sindiwadziwa. Sindinapondeko."

A Aukje anatulukira kuseri kuja, chikwama chili pachifuwa. Anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi.

"Ndi yemweyu, Sajeni. Anadya keke yanga, anabwerezanso."

Kasper anatembenuka msanga. "Mayi, inu ndi amuna anu mwandisokoneza ndi munthu wina."

"Amuna awo ndi ati?" anafunsa Sajeni mofatsa. "Pano sindinatchule mwamuna wa munthu. Ndipo mayiwa sanakwatiwepo."

 Kasper anayang'ana kumlatho, koma wapolisi wa njinga uja anali ataima kale pamenepo. Unyolo unalira. M'thumba mwake anapezamo makhadi ena, onse a nkhalamba za mumzindawo. Pambuyo pake anavomera kuti ankakhala m'mipando yosiyanasiyana n'kumatchera khutu, kudikira wogawa mabisiketi.

Akumukweza m'galimoto, a Douwe anayandikira.

"Mwana wanga, maluwa aja akadali m'botolo. Ndidzakupempherera. Koma kwathu usadzabwerenso."

Sajeni anaika khadiyo m'kathumba ka umboni. Nkhope ya a Douwe inagwa.

"Iyi ikhala nafe mpaka mlandu utatha, agogo. Koma a timu ndawaimbira kale. Dzina lanu layera. Akupatsani ina sabata ino, mpando womwewo."

A Douwe anavula chipewa. Anaima choncho kwa kanthawi, mutu uli pamtunda m'kamvula kowaza, milomo ikuyenda popanda mawu.

Mayi Ramdin anali atayamba kuchoka mwakachetechete, akupinda sikafu yake.

"Mayi," anamuitana a Douwe. "Kubwereka kwaulere lamulo limalola. Miyezi yozizira mawondo angawa amakana masitepe, ndiye mpandowo umangokhala wokha. Mundisiyire nambala yanu kwa achemwaliwa."

Mayiyo anagwira pakamwa.

"Koma muyambe mwalipira lero. Tandiuzani chigoli chija. Musathamange. Yambirani pomwe mpira unachokera."

Anakhala pabenchi ya pamlatho, iye pakati, nkhalamba ziwiri uku ndi uku, nayamba kufotokoza. A Aukje ndiwo ankafunsa mafunso ambiri.

Khoti linamupeza Kasper Noordhuis wolakwa pa mlandu wakuba ndi wachinyengo. Linamulamula kukakhala kundende miyezi ingapo, ndipo timu inamuletsa kupondanso pabwalo lake.

Owerenga okondedwa, Ambuye akudalitseni ndi kukusungani. Akutetezeni kwa obwera ndi maluwa m'manja ndi chinyengo mumtima, osakuumitsani mtima kwa mlendo weniweni. Ndipo tsiku limene mudzafike pachipata chotsiriza, mudzapeze malo anu akukudikirani. Amen.