Miyala m'Thumba la Zaidi

Amene sanamve za Rahila ndi Zaidi akhale pansi, chifukwa Kotakota yense anaitafuna nkhaniyi chaka chimene dokotala anayamba kupima ogwira ntchito usiku!

Rahila ankagulitsa zitumbuwa pachipata cha chigayo cha mpunga. M'mawa wina a usiku akuweruka, atayera mbuu ndi deya, Zaidi anaima pamaso pake.

"Chemwali, ndipatseni chimene mwachigwira nthawi yaitalicho."

"Chazizira chimenecho."

"Chochokera m'manja mwanu chingazizire, duwa langa?"

Eee, mtima wa mtsikana unangoti myaa!

Kuyambira pamenepo Zaidi akaweruka sankapitanso kukagona. Ankamusenzera dengu, masana n'kukathandiza bambo ake a Rahila kupirikitsa mbalame m'munda.

"Mpunga uwu ukangolowa m'nkhokwe, amalume abwera kwanu. Walahi!"

Kenako mnyamata zii! Akaweruka ankazembera kuchipata chakumbuyo. Madina, mnzake wa Rahila wosasunga mawu uja, anabwera ali wefuwefu.

"Mnzanga, wako uja ndamuona kuchipatala akunong'onezana ndi Ester, namwino wa nsapato zoyera uja!"

Rahila analira mpaka zitumbuwa zinapserera. Si yemweyu analumbira? Kapena duwa lafota poti lilibe nsapato?

Dzuwa lili paliwombo anamulondola Zaidi kwawo. Anamupeza ali gone pamkeka, maso ali psuu, masaya atalowa. Panja amayi akusinja, ana akukuwa, tambala naye osatopa.

"Pitirizani ndi namwino wanuyo, achimwene. Ndabwera kudzatsanzika."

"Wapamtima, khalani kaye," anatero Zaidi. "Dokotala anabwera kuchigayo ndi sikelo. Kunamveka kuti owonda awachotsa ntchito, ndiye anzanga anandipatsa miyala ya ukonde kuti ndiike m'thumba. Nditangokwera pasikelo, thumba linang'ambika. Gobede gobede, pamaso pa kapitawo!"

Rahila anagwira pakamwa. Aseke? Alire?

"Dokotala anandimvera pachifuwa, anandiyang'ana m'maso, akuti matenda palibe, ndi kusagona basi. Andipatsa mwezi. Ester amangondikweza pasikelo. Thupi likapanda kubwerera, ntchito yatha. Ndiye mwamuna wopanda ntchito angatume amalume kwa eni mwana?"

"Moti masiku onse aja mumapirikitsa mbalame zathu musanagone?"

"Ndikakuonani tulo timathawa."

"Bodza! Onani mmene mwatheramu! Munandibisiranji, Zaidi?"

"Manyazi, duwa langa."

M'mawa mwake Rahila sanaoneke pachipata. Anakatula dengu lake pansi pa mango, kuyang'anizana ndi khomo la Zaidi, kamtengo kali m'manja. Ana anawanyengerera ndi zitumbuwa kuti azikasewera kumchenga. Amayi osinja anawagwadira mpaka anasamutsa mtondo. Tambala uja anathera m'mphika, msuzi wake anamwa wodwalayo. Ngakhale Madina atabwera ndi nkhani yotentha anangouzidwa kuti, "Ukandiuze kuchitsime, pano pali munthu akugona!"

Mwezi utatha Zaidi anakwera pasikelo atatembenuza matumba onse kunja. Ester anayang'ana, anayang'ananso.

"Lero mwabisa kuti miyala, bambo?"

"Funsani mlonda wanga ali pakhomoyo!"

Mpunga unalowa m'nkhokwe, amalume anabweradi, nthungululu mpaka ku Bua! Ndipo inu mukamadutsa pakhomo pawo masana, muziyenda monyang'ama. Kamtengo kaja Rahila sanakataye.