Chibowo cha pa Jekete la Sajeni

Zinayambira pa botolo la madzi. Lolemba m'mawa, Madamu ophunzitsa mbiri atatsegula chipinda chosungiramo zinthu zakale, anapeza botolo lachitsulo limene msilikali wina ankamwera ku nkhondo litawongoka bwinobwino, likunyezimira. Lachisanu analisiya lili lopindika pamimba monga mwa masiku onse. Loko anali wosathyoka. Kiyi ankasunga iwo, ndipo Ahedi anali atanena kalekale kuti kiyi winayo anasowa.

Chipindachi Madamu anachivutikira. Kale munkatayidwa madesiki othyoka. Anasesamo okha, ndipo zaka ziwiri anayenda khomo ndi khomo kupempha zithunzi, makalata ndi zovala za asilikali, kuti ana aziona mbiri ya dziko lawo ndi maso, osamangoloweza zaka ngati nyimbo. Chinthu chimene ankachiteteza koposa chinali jekete la malemu Sajeni. Bambowo anafera ku nkhondo kutali, mtembo wawo sunabwere. Kunangobwera jeketelo, lili ndi chibowo cha chipolopolo pansi pa thumba lakumanzere, ndi banga lofiirira mozungulira. Mkazi wawo, yemwe maso anali atasiya kuona, analipereka yekha m'manja mwa Madamu.

"Ana aone, mwana wanga," anatero. "Koma musalichape, musalikhudze ndi singano. Manda awo ndi amenewa."

Madamu analonjeza atagwada.

Lachiwiri, chisoti chachitsulo chimene dzimbiri linadya kalekale chinapezeka chosalala, chobiriwira ngati changotuluka m'sitolo. Lachitatu nsapato za nkhondo, zimene zinali zoyasamula kutsogolo, zinapezeka zitatseka pakamwa, zitaimikidwa moyandikana, zitaloza kukhomo.

Apa ndiye mphekesera zinabuka. Ana ankanong'onezana kuti mwini wake akukonza katundu wake mmodzimmodzi, ndipo akamaliza adzavala n'kutuluka kukaitana mayina pa mzere wa m'mawa. Mtsikana wina anakomoka atangosuzumira pawindo. Makolo awiri anabwera kudzafunsa ngati ana awo amabwera kudzaphunzira kapena kudzacheza ndi akufa. Ahedi anangogwedeza mutu mwachisoni, n'kupitiriza kulondolera anthu openta miyala ya m'mbali mwa njira, pakuti Lachisanu kunkabwera akuluakulu a maphunziro. Ahedi amenewa akamva za alendo, ngakhale mbuzi yodutsa pabwalo ikhoza kupentedwa.

Lachinayi m'mawa alonda anawakokera Madamu kuseri kwa chipindacho.

"Ine ntchito ndisiya, Madamu," ananong'ona. "Usiku wathawu munayaka kakuwala, kenako ndinamva madzi akukhuthuka, khuu, ngati munthu akusamba. Bwana anandiuza kuti ndikamva chilichonse kuno ndisamayandikire, zingandipweteke."

Madamu anathamangira mkati. Jekete linalipo pamalo pake, chibowo chili pomwepo, koma atagwira kolala anamva kuti ndi yonyowa. Banga lija linali litazimiririka. Sanali munthu wokhulupirira za mizukwa, komabe tsiku limenelo choko chinkawagwa m'manja.

Usiku sanagone. Nyumba yawo inali kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo pakati pa usiku anatuluka opanda tochi. Kunali mdima wandiweyani, mphepo ikuliza lata lomasuka pa denga la kalasi ina. Atafika pakati pa bwalo anaima. Kuchokera ku chipinda chija kunkamveka kaphokoso kotsika, ta-ta-ta-ta, kenako zii, kenako ta-ta-ta, ngati mfuti ikulira kutsidya kwa phiri. Pansi pa chitseko pankatuluka kuwala kofiira kumene kankagwedezeka, ndipo mkati munkayenda chithunzithunzi chachitali. Madamu anakumbukira lonjezo lawo kwa mkazi wa Sajeni, anakukuta mano n'kukankha chitseko.

Munalibe mzukwa. Munali Ahedi atavala jasi pamwamba pa zovala zogonera, atanyamula nyali. Pa tebulo la mapu panali akazi awo, akupukusa makina osokera a pamanja. Pansi pa singano panali jekete la Sajeni.

"Madamu, musakuwe," anatero Ahedi, akumwetulira ngati munthu wogwidwa akukonza phwando. "Timafuna mudzadabwe mawa. Taonani, sipakuoneka n'komwe."

Zinalidi choncho. Akazi a Ahediwo anali katswiri. Anadula kansalu mkati mwa mpendero, n'kutseka chibowocho mwaluso kotero kuti ngakhale ndi nyali munthu sakanaloza pamene chinali.

"Mwachita chiyani, bambo?" anafunsa Madamu.

"Ndikanakupemphani mukanakana, ndimakudziwani. Sukulu ino imadziwika ndi ukhondo. Mwana akabwera ndi yunifolomu yong'ambika timamubweza. Ndiye alendo adzaone zisanza zathimbirira, adzati tikuphunzitsa chiyani?"

"Tikuphunzitsa kuti munthu anafa. Chibowo chimenecho ndiye phunziro lonse."

"Aa, ingolembani pa kapepala kuti panali chibowo."

Madamu anawayang'ana bambo amene analola mwana kukomoka, alonda kunjenjemera ndi makolo kutukwana, n'cholinga choti alendo a maola awiri aone zinthu zonyezimira. Anaganiza zotenga lumo n'kuboolanso, koma chibowo cha lumo chikanakhala bodza lachiwiri. Anakhala pansi, pa simenti yozizira, ndipo awiriwo analongedza makina awo n'kutuluka mwakachetechete.

Kutacha Madamu anafuna kuthamangira kwa mayi wamasiye uja kukaulula, koma Ahedi anali atatumiza kale galimoto kukawatenga, kuti akhale pafupi ndi jekete alendo akamajambula zithunzi. Mayiwo anafika limodzi ndi akuluakulu aja. Ana anaimba, alendo anayamikira kuti zinthu zikusamalidwa bwino, Ahedi anatupa ngati finye.

"Amayi, ndili ndi mawu," Madamu ananong'ona atagwada pambali pawo.

"Dikira, mwana wanga, ndiyambe ndawapatsa moni."

Mayiwo anatambasula dzanja. Linapeza kolala, linatsika pa mabatani, linafika pa thumba lakumanzere, chala chikulunjika pamalo amene chinkawadziwa zaka makumi atatu. Chinaima. Chinabwerera m'mwamba, chinatsikanso, chinayesa thumba linalo. Anaweramira pa nsaluyo n'kununkhiza. Wojambula anatsitsa kamera.

"Mwandipatsa la munthu wina," anatero mayiwo.

"Ndi lomwelo, amayi," anayankha Ahedi mokweza, kuti alendo amve. "Talikonza, tsopano lili ngati latsopano."

Mayiwo sanalire, sanakalipe. Anatembenuzira nkhope kumene kunali Madamu, osati kwa Ahedi, chala chikadali pa nsalu yosalalayo.

"Ndikafuna kulankhula nawo ndinkalowetsa chala apa," anatero motsitsa. "Unagwada, mwana wanga. Tsopano undiuze, ndizilankhula nawo pati?"