Obadiya Amasulira Mlandu Wake

Banja la a Solomoni Bahati linafika ku msasa wa othawa nkhondo wa Dzaleka kuchokera ku Congo mwana wawo Obadiya ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Nyumba yawo inali yaing'ono koma yamtendere. A Solomoni ankasoka zovala pakhonde, akazi awo ankakazinga chapati, ndipo panalibe wogwira ntchito m'mawa asanapemphere. Makolowa Chichewa chinawakanika, koma Obadiya chinangomutengera chaka chimodzi. Ankachiyankhula ngati wobadwira ku Mponela, moti kuchipatala ndi kumsika ndiye ankamasulira makolo ake.

Mpingo utamupezera malo pa sekondale ina yogonera komweko m'mapiri a Ntchisi, bambo ake anamukhazika pansi n'kumulangiza m'Chiswahili.

"Eni dziko lino atilandira osatidziwa. Akakakupatsa ntchito ukagwire, akakakufunsa ukanene zoona. Usakasewere ndi chifundo cha anthu."

Obadiya anavomera zonse ndi mutu.

Tsiku loyamba kusukuluko kunali nkhungu ndi chisanu cholowa m'mafupa. Asanamasule n'chikwama chomwe, mtsogoleri wa ophunzira anamupatsa chikwakwa kuti akatchetche kuseri kwa zimbudzi. Obadiya, atatopa ndi ulendo, anangochiyang'ana.

"Musiyeni, ndi wa ku Congo uyu, samva Chichewa," anatero wina, ndipo chikwakwa chija anamulanda.

Obadiya anati atsegule pakamwa kuti akane, koma wina anamuponda phazi. Anali Felton, mnyamata amene Fomu 2 anali akuibwereza kachitatu.

"Aise, ife timavutika kupeka matenda kuti tithawe ntchito," anamunong'oneza atakhala awiri. "Iwe wabwera ndi matenda osafuna chipatala. Ungotseka pakamwapo, zina zonse undisiyire."

Kuyambira pamenepo Felton anadziika kukhala womasulira wake, ngakhale Chiswahili ankangodziwapo mawu awiri amene anatola kwa madalaivala a mathiraki. Aphunzitsi akafunsa funso m'Chingelezi, Obadiya ankayankha m'Chifalansa, Felton n'kufotokoza kuti mnzakeyo akuti mutu ukumuwawa. Ikakwana nthawi yokolopa, awiriwa ankakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, ati akuphunzitsana.

Mayi Elube Kachigamba, mphunzitsi wa Chichewa, anamumvera chisoni mwanayo. Anasiya kupita kudimba kwawo masana kuti azimuphunzitsa. Anamujambulira zithunzi m'kope, namutengera mtedza wokazinga. Ankaloza chitseko n'kutchula pang'onopang'ono. Obadiya ankakwinya nkhope ngati akunyamula thumba la fetereza, n'kunena kuti "chi-te-ko." Mayiwo ankamuwombera m'manja. Obadiya mtima unkamutsutsa ndithu, koma mtedzawo unali wothira mchere bwino.

Ulesi utakhazikika unaitana anzake. Anayamba kujomba m'kalasi n'kumatsetserekera ku tawuni yaing'ono ya kumunsi kwa phiri kukaonera mpira pa kanema. Felton anamulawitsa masese, nati amachotsa chisanu. Kenako anaona kuti masese opanda nyama sakoma, ndiye Lachitatu lina masana anagwira tambala wa m'khola la sukulu. Mlonda anawapeza pampanda, tambala ali m'kati mwa juzi ya Obadiya, mchira uli panja.

Felton sanaphethire n'komwe. Anauza mlondayo kuti ku Congo munthu akapukwa kwawo amafungatira nkhuku mpaka mtima utakhala pansi. Mlondayo, bambo wachifundo, anapukusa mutu nawauza kuti akatha aibweze. Tambalayo anathera pachiwaya, ndipo mlondayo ataona kuti sanabwezedwe anakanena kwa mphunzitsi wamkulu.

Loweruka lotsatira anali m'chisakasa cha kanema, masese ali m'mutu. Wosewera wa timu ya Obadiya anaphonya penate. Obadiya anakwera pabenchi n'kuyamba kumulalatira m'Chichewa chosalala, kuti miyendo yake ndi ya matabwa, kuti bola akanapita kukasoka fodya, kuti ngakhale mbuzi yomangidwa pachingwe ikanagoletsa. Anthu anafa nazo nseko. Felton anamukoka buluku, koma mnzakeyo anali atatenthedwa.

Kuseri kwa mpanda wa bango kunali kometera tsitsi. Pampando panali a Kalebe Chimphonda, mphunzitsi wamkulu, mutu atawameta mbali imodzi. Anadzuka ndi nsalu yometera ili m'khosi nasuzumira m'chisakasamo.

"Mnyamata, Chichewa chako n'chokoma," anatero mofatsa. "Lolemba ubwere nacho ku ofesi. Bambo ako ndiwaitanitsa."

A Solomoni anafika panjinga yamoto atavala jekete yatsopano yosoka okha, akuganiza kuti mwana wawo wapambana mphoto. A Chimphonda anayamba aitana Felton kuti amasulire. A Solomoni anamulonjera mwaulemu, Felton n'kuyankha ndi mawu ake awiri a madalaivala aja. Bamboyo anadzidzimuka nagwira pakamwa, pakuti mawuwo anali otukwana. Felton anayesa kunena kuti Chiswahili chake n'cha chigawo china, koma a Chimphonda anamutulutsa kuti akamange katundu wake.

"Watsala ndiwe," anatero a Chimphonda kwa Obadiya. "Auze bambo ako kuti mwana wawo ndi waulesi."

Obadiya anauza bambo ake kuti ahedi akuti iye amadziwa kupumitsa thupi kuti ubongo ugwire bwino ntchito. A Solomoni anagwedeza mutu mokhutira.

"Auze kuti amamwa masese."

Anawauza kuti wazolowera msanga zakudya zakuno.

"Auze kuti anaba tambala."

Anawauza kuti amakonda ziweto. A Solomoni anaimirira nagwira dzanja la a Chimphonda ndi manja awiri, akuthokoza. A Chimphonda anayang'ana dzanja lawolo modabwa.

Nthawi yomweyo analowa Mayi Kachigamba. Anaika kope la zithunzi lija patebulo.

"Ine ndangobwera kudzamva mawu ake," anatero. "Miyezi itatu ndakhala ndikuwafuna. Tomato wanga kudimba anauma ndikuwafuna."

A Solomoni sanamve mawuwo, koma anaona maso a mayiwo. Anatsegula kopelo, naona chitseko, khasu ndi mpando zojambulidwa ndi dzanja, zinthu zimene mwana wawo ankawaphunzitsa iwo kunyumba. Kumwetulira kunawachoka.

"Nkhope ya mayi awa sikugwirizana ndi zimene ukundiuza," anatero kwa mwana wawo. "Yambiranso."

Obadiya anayambiranso. Ananena za chikwakwa, za mtedza, za masese ndi za tambala, kamodzi m'Chiswahili, kachiwiri m'Chichewa, kuti pasakhale wonamizidwa. Pofika kumapeto mawu ankatuluka ndi misozi.

 A Solomoni anagwada pasimenti ndi jekete yawo yatsopanoyo, nasonkhanitsa Chichewa chonse chimene anali nacho.

"Pepani, amayi. Pepani, abambo. Mwana wanga. Manyazi anga."

Obadiya sanawaonepo bambo ake atagwadira munthu, ngakhale pa ulendo wonse wothawa nkhondo. Nayenso anagwada.

Felton anachotsedwa sukulu tsiku lomwelo. Obadiya akanapita naye, koma Mayi Kachigamba, omwe anawapusitsawo, ndiwo anamupepesera. A Chimphonda anamuimitsa milungu iwiri, ndipo atabwerera anamupatsa ntchito yosesa m'khola la nkhuku mpaka kutha kwa chaka. Mayeso analephera ndithu, pakuti zimene anzake anaphunzira iye ali pansi pa mapeyala sizikanalowa m'mutu pa mwezi umodzi. Anabwereza kalasi, akukhala benchi limodzi ndi ana omufika m'mapewa.

Inu achinyamata amene mwalandiridwa kwa eni, kaya ndi kusukulu kaya ndi kudziko lina, chenjerani ndi ulesi. Umayamba ndi kukhala chete pamene mukanayenera kunena zoona, umakula n'kukhala bodza, kuledzera ndi kuba, ndipo pomaliza amene amagwada pamaso pa anthu ndi kholo lanu losalakwa.